Thumba lolimba koma losafuna mpeni potsegula: amisiri tithandizeni

Nambewe wa Nkhuku, Mponela:
Moni nonse pagulu pano. Ine ndi anzanga timasakaniza chakudya cha nkhuku, cha anapiye ndi cha zoikira mazira, n'kumalongedza m'matumba a makilogalamu 25 ndi 50. Matumba ake ndi oluka aja ofanana ndi a feteleza, ndipo kukamwa timasoka ndi kamakina ka m'manja. Kulimba ndiye akulimba, palibe limene laphulikapo panjira. Dandaulo la makasitomala lili potsegula. Wina amatenga mpeni, wina lezala, wina chikwanje chimene. Akadula, tizidutswa ta ulusi ndi ta thumba timagwera m'chakudya nkhuku n'kumatola, ndipo thumbalo limayamba kusomoka kukamwa moti silingagwirenso ntchito ina. Mayi wina anachita kundiuza pamaso kuti amagula kwa anzathu ena chifukwa thumba lawo chakudya chikatha amasungiramo chimanga, pomwe lathu limathera kudzala. Kodi pali kasokedwe kapena kapangidwe koti thumba likhale lolimba chomwechi koma munthu n'kutsegula ndi manja okha?

Wa Kabaza, Lunzu:
Mano alipo mayi, tinapatsidwa aulere kkkk

Telala wa ku Ndirande:
A Nambewe, musanagule china chilichonse, dziwani kuti thumba lanulo ndi lotsegula ndi manja kale, kungoti anthu sadziwa koyambira. Timakina ta matumba tija, kaya ndi Newlong ya ku Japan, kaya ndi GK9 za ku China, sitisoka monga amasokera makina anga a zovala. Anga ali ndi ulusi wa pamwamba ndi wa m'bobini, ndipo ulusi uwiriwo umakolana pakati pa nsalu. Kuti uphwasule msoko wotero uyenera kudula pamodzipamodzi mpaka kumapeto. Ka matumba kalibe bobini. Singano ikaboola imasiya kamphete ka ulusi kuseri, ikaboolanso imalowetsa kamphete kena m'kati mwa koyambako, n'kumapita choncho. Kamphete kalikonse kamagwidwa ndi kamene kakubwera pambuyo pake, ndiye komalizira sikagwidwa ndi kanthu. Mukakapeza n'kukoka, msoko wonse umangoti sololo mpaka kumene munayambira, ngati juzi yoluka ukaipezera ulusi wake. Koma mukayambira mbali imene makina anayambira, mukamakoka m'pamene mukumangitsa. Apo m'pamene munthu amapsa mtima n'kuitanitsa mpeni.

Kuti mudziwe mbali yake, yang'anitsitsani msokowo. Kumaso kumodzi ulusi umaoneka wa mzere umodzi, timizere tifupitifupi totsatizana. Kuseri kumakhala tcheni cha timphete tija. Mbali ya mzere umodziyo iyang'ane kwa inu, ndiye pitani kudzanja lanu lamanja. Pa makina ambiri kumeneko ndiye komalizira. Masulani kamchira kolendewera kaja mpaka mufike pathumba, tulutsani nsonga m'kamphete komaliza, kokani. Basi.

Nambewe wa Nkhuku, Mponela:
A Telala, ndathamangira kosungira katundu kukayesa. Lamasuka lonse osatsalira ngakhale kaulusi. Koma nanga ndiyende khomo ndi khomo kuphunzitsa anthu zimenezi?

Telala wa ku Ndirande:
Ayi mayi, thumbalo liziwauza lokha. Dindani kamuvi pakona ya komalizirako. Chofunika n'chakuti anyamata osokawo azigwira thumba mofanana nthawi zonse, nkhope ya thumba iziyang'ana mbali imodzimodzi. Mmodzi akangotembenuza, kamuvi kaloza kolakwika.

Wa pa Depoti, Kanengo:
Pepani ndilowepo, poti ine ndi amene ndimasesa zotayika. Chimene mukuchiyamikirachi ndi chomwe chimatiliritsa ife. Msoko umene mayi angamasule ndi zala ziwiri, msomali wa pansi pa lole ungaumasulenso. Thumba lisanafike kwa mwini wake limanyamulidwa kangati? Kukweza lole kufakitale, kutsitsa kudepoti, kusanja, kukwezanso, kutsitsa kushopu, kenako pa njinga. Aganyu akamatsitsa sagwira pamimba, amagwira makutu a thumba, pomwe pali kamchira kanu komweko. Akalikoka pa mulu kamchira kakakola penapake, makilogalamu 50 ali pansi. Enanso osoka amadula kamchira kafupi kwambiri pofuna kusunga ulusi, ndiye kamphete komaliza kamapulumuka kokha lole ikamagunda mabampu. Kwa ine thumba labwino ndi louma mutu. Kulibwino mwini wake avutike mphindi ziwiri ndi mpeni kusiyana n'kuti ine ndizilipira katundu wotayika.

Gogo Nachisale, Thyolo:
Akundilembera ndi mdzukulu wanga. Bambo a pa depoti, inu muli ndi anyamata amphamvu. Ine zala zangazi zinatha ndi nyamakazi, ndipo maso ake oti ndizisaka kamphete ka ulusi woyera pa thumba loyera ndilibe. Thumba la madeya likabwera ndimadikira ana aweruke kusukulu. Mpeni ndinausiya chifukwa dzanja limanjenjemera. Mukamapanga zinthuzi muzikumbuka kuti oweta nkhuku ambiri kumudzi kuno ndi ife.

Wa pa Depoti, Kanengo:
Ndamva agogo, sindinanene monyoza.

Wa ku Germiston:
Moni akuluakulu. Ndimagwira ntchito pa makina olongedza katundu kuno kufupi ndi Johannesburg, ndiye nkhani iyi ndi ya tsiku ndi tsiku. A pa Depoti ndi agogo onse akunena zoona, ndipo mmisiri wa matumba ntchito yake ndi kukwaniritsa onse awiri. Mfundo yake ndi iyi: mphamvu imene imaphulitsa thumba ndi imene imatsegula thumba zisamayende njira imodzi. Thumba likagwa, katundu wa m'kati amakankha kuchokera m'kati kupita kunja, kufuna kukanula msoko. Msoko wa tcheni umapirira kukankha kotero bwinobwino. Umangogonja ukakokedwa motsatira utali wake, kuchokera kunsonga imodzi yokha. Ndiye musafooketse msoko wonse pofuna kuti uzitseguka. Usiyeni wolimba, koma nsonga imodziyo muibise kwa msomali, muionetse kwa munthu.

Kuno njira zilipo zingapo. Pa matumba oluka a chakudya cha ziweto amasokera kumodzi kansalu kapena kapepala kolimba kotalika kupitirira thumba, kamtundu wowala. Munthu sasakanso ulusi, amangogwira kansaluko ndi dzanja lonse n'kukoka cham'mbali, msoko n'kumasuka. Agogo atha kukwanitsa chifukwa pogwira ndi patambalala. Pa matumba a mapepala okhuthala amene amapinda kukamwa n'kumata ndi guluu wotentha, amaika kachingwe m'kati mwa popindapo, ukakoka kamang'amba pepala mzere wowongoka. Pa a pulasitiki yokhayokha omata ndi moto amadula kampata kakang'ono m'mphepete poyambira kung'amba, ena amaboola timabowo totsatizana. Timabowo ndiye sindingakulangizeni. Pamene mwaboola ndi pamene thumba lidzaphulikire likagwa, ndipo chinyontho chimalowera pomwepo. N'zabwino pa kapaketi ka shuga, osati pa katundu wolemera.

Bilidala Wachikulire, Area 25:
Achimwene a ku Joni, nanga la simenti bwanji? Chiyambire ntchito yomanga sindinaonepo munthu akutsegula simenti mwaulemu. Timaligoneka pa mulu wa mchenga, kulikhapa pakati ndi fosholo, kulinyamula mbali zonse ziwiri, simenti khuthu. Fumbi lonse kumaso, ndipo simenti imawotcha khungu, anyamata anga manja anachita kung'aluka. Tizidutswa ta pepala tikalowa m'matope a pulasitala timadzaonekera pakhoma.

Wa ku Germiston:
Madala, la simenti ndi mtundu wina. Silisokedwa n'komwe. Limabwera lotseka kale mbali zonse, kupatula kakamwa kakang'ono pakona imodzi. Makina amalowetsa paipi pamenepo n'kupopera simenti, ndipo thumba likadzaza, simenti yomweyo imakankha kakamwako kuchokera m'kati n'kukatseka. Mukapisa chala pakona mukapeza. Analipanga poganizira liwiro lodzazira kufakitale, za wotsegula sanaziike patsogolo. Lilinso lina loluka la makona anayi, lomata ndi mpweya wotentha popanda ulusi kapena guluu, limene makina ake amapanga a kampani ya Starlinger ya ku Austria. Limenelo ndi lolimba zedi, koma ndi manja okha simungalithe pokhapokha wopanga ataikamo poyambira kung'amba. Kwa a Nambewe zonsezi n'zakutali, makina ake ndi a mafakitale akuluakulu.

Bilidala Wachikulire, Area 25:
Ndiye fosholo ipitirire. Chabwino.

Mlangizi Wopuma, Dedza:
Ndikufuna ndibwerere pa mawu amene mayi uja anauza a Nambewe, chifukwa pagona nkhani ndi pamenepo. Kumaiko akunja thumba likatsegulidwa ntchito yake yatha, ndiye kachingwe kong'amba n'koyenera. Kwathu kuno thumba likatsegulidwa m'pamene moyo wake ukuyamba. Lidzapita kuchigayo, lidzasunga mtedza, lidzanyamula makala, ena amalumikiza angapo n'kupanga choyanikira chimanga, likatheratu amadzalamo masamba kuseri kwa nyumba. Mlimi akamagula feteleza amawerengera ndi thumba lomwe. Choncho njira iliyonse yotsegula mong'amba, ngakhale ikhale yophweka chotani, kuno yalephera. Tikufuna yomasula, yosiya kukamwa kuli kwathunthu.

Pamenepa funsaninso kumene mumagula matumba za mmene amadulira kukamwa. Thumba loluka ndi timalamba ta pulasitiki topingasa ndi toimirira. Akalidula ndi mpeni wozizira timalambato timayamba kusomoka tsiku lomwelo. Akalidula ndi waya wamoto nsonga zimasungunuka n'kugwirana. Labwino koposa ndi lopinda mpendero kukamwa. Mukalipeza lotero, kasitomala adzaligwiritsa ntchito nyengo zingapo, bola asalisiye padzuwa, poti dzuwa ndi limene limafumbutsa matumba amenewa mpaka kumangonyenyeka m'manja.

Nambewe wa Nkhuku, Mponela:
A alangizi, athuwa ndi odula ndi moto koma opanda mpendero. Nanga za pulasitiki ya m'kati? Nthawi ya dzinja chakudya chimachita nkhungu, ndiye tinkaganiza zoyamba kuikamo ngati mmene amachitira ndi feteleza wa urea.

Mlangizi Wopuma, Dedza:
Urea amamuikira pulasitiki chifukwa amayamwa chinyontho cha mumpweya n'kuundana. Chakudya cha nkhuku n'chosiyana pang'ono. Ngati chimanga ndi soya wanu sizinaume bwino, mukatsekera m'pulasitiki chinyontho chimasowa kothawira ndipo nkhungu imabwera msanga kuposa m'thumba lopuma. Yambani mwaonetsetsa kaumidwe. Mukaganiza zoikamo, musaisokere kumodzi ndi thumba lakunja, chifukwa singano idzaiboola mzere wonse. Ipotoleni payokha, pindani khosi, mangani. Tengerani phunziro pa matumba a PICS aja osungira mbewu popanda mankhwala, amene anayambitsa a pa yunivesite ya Purdue ku America. Ali ndi mapulasitiki awiri m'kati, iliyonse yokhuthala mamaikironi 80 (mamaikironi 1,000 ndiwo milimita imodzi), ndi loluka kunja, ndipo lililonse limamangidwa palokha. Anankafumbwe amafa chifukwa mpweya umawathera. Kabowo kamodzi kokha thumba lonse lasanduka wamba. Vuto limene ndinkaliona kumidzi n'lakuti bambo amamanga mfundo yakufa ndi luzi, tsiku lotapa chimanga mayi alephera kumasula, abwera ndi mpeni, nsonga ya mpeni yakhudza pulasitiki. Tinkawauza kuti azimangira mphira ya chubu cha njinga, n'kumaliza ndi mfundo ya zingwe za nsapato, yokoka nsonga imodzi. Imagwira zolimba, imamasuka ndi dzanja limodzi.

Kumbukiraninso kuti malamulo a 2015 analetsa mapulasitiki opyapyala osafika mamaikironi 60, ndipo khoti la Supreme linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019. Musakagule timajumbo topepera kuti mupulumutse ndalama, ndiponso timeneti sitingapirire makilogalamu 50.

Wa pa Depoti, Kanengo:
Zonsezi ndamva, koma palibe amene wayankha za akuba. Thumba lomasuka mwaulemu, losasiya chipsera, ndi limene wakuba amalikonda. Amasolola ulusi, kutapa mbale ziwiri, kusokanso. Kamakina ka m'manja masiku ano ali nako ndi mavenda omwe. Nkhani za feteleza wosakaniza ndi mchenga tonse tinazimvapo. Mlimi amakazindikira ali kumunda, ndipo dzina limene limaipa ndi lolembedwa pathumba, osati la wakubayo. A Nambewe, tsiku lina wina adzathira gaga m'thumba lanu n'kugulitsa ngati chakudya cha zoikira, nkhuku zidzasiya kuikira, adzatukwanidwa ndi inu.

Wa Kabaza, Lunzu:
Apa ndiye bwana mwalasa. Ine ndimadziwa ndi miyendo kuti thumba ili si 50, sikelo sindiifuna.

Telala wa ku Ndirande:
Koma a pa Depoti, wakubayo msoko wouma mutu umamuletsa chiyani? Ali ndi lezala komanso nthawi. Amadula bwinobwino n'kusokanso chimodzimodzi. Amene amavutika ndi msoko wovuta ndi agogo a ku Thyolo, osati iyeyo. Kuletsa kutsegula simungathe. Chimene mungathe ndi kuchititsa kuti thumba lotsegulidwa lizioneka kuti linatsegulidwapo.

Wa pa Depoti, Kanengo:
Lizioneka bwanji, poti mwati ulusi umachoka wonse osasiya kanthu?

Telala wa ku Ndirande:
Ulusi umachoka koma mabowo a singano amatsala. Wosokanso sangaponde m'mabowo omwewo, ndiye mukayang'ana pafupi mumaona mizere iwiri, wina wopanda ulusi. Pa thumba loluka wamba savuta kubisika chifukwa timalamba timabwererana, koma mukasokera kumodzi kapepala, pamenepo sanganame. A Nambewe, kapepala kanu kolemba mtundu wa chakudya, kulemera kwake ndi tsiku lopangira, musamakaponye m'kati. Kapindeni pakamwa pa thumba kuti singano idutsepo. Kapepala kakakhala ndi mizere iwiri ya mabowo, kapena kakasowa, kasitomala akane thumbalo.

Wa ku Germiston:
A Telala anena zoona, ndipo kapepala komweko kangathetsenso nkhawa ya msomali. Siyani kamchira kotalika ngati chala, mukapindire pathumba, mumatepo sitika ya pepala yokhala ndi chizindikiro chanu ndi kamuvi kaja. Kamchira sikakulendeweranso, ndiye palibe chokola. Wofuna kutsegula ayenera kung'amba sitikayo, ndipo sitika ya pepala yomata bwino sichoka yathunthu. Kanthu kamodzi kagwira ntchito zitatu: kuteteza nsonga, kuloza poyambira, ndi kuulula wakuba. Sitika yake isakhale ya pulasitiki, imeneyo imamatuka bwinobwino n'kumatikanso.

Wa pa Depoti, Kanengo:
Sitika pa thumba lafumbi? Pofika ku Dowa idzakhala itagwa.

Wa ku Germiston:
Pa loluka wamba ikhoza kuvutadi, guluu sagwira bwino pa timalamba. Imatani pa kapepala kosokeredwa kaja, pepala pa pepala. Kapena gulani matumba okutidwa ndi kapulasitiki kosalala kunja, ngakhale amenewo amaterera posanja mulu wautali, a pa Depoti adzadandaulanso.

Wa pa Depoti, Kanengo:
Ndidzadandauladi. Mulu wa matumba osalala ukagumuka umathyola munthu mwendo.

Gogo Nachisale, Thyolo:
Ine pempho langa ndi laling'ono. Ulusiwo ukhale wofiira kapena wakuda kuti ndiziuona. Ndipo musalembe mawu ambiri, ena sitinapite patali ndi sukulu. Jambulani dzanja likukoka.

Telala wa ku Ndirande:
Agogo apereka nzeru yaulere imene mafakitale amalipira anthu kuti aiganize. Ndiwonjezere za makina. Alipo a ulusi umodzi ndi a ulusi uwiri. A uwiri msoko wake ndi wolimbirapo ndipo sumasuka wokha msanga ulusi ukaduka pakati, koma potsegula umafuna kugwira nsonga ziwiri, ina kumaso ina kuseri, n'kukoka zonse. Amene ali ndi oterowo aike ulusi wa mitundu iwiri yosiyana kuti munthu aziona chimene akugwira. Anu a Nambewe, poti lamasuka ndi kukoka kumodzi, ndi a ulusi umodzi. Akwanira, koma pindani kukamwa kamodzi musanasoke kuti singano idutse nsalu zinayi m'malo mwa ziwiri, ndipo musasoke kumphepete kwenikweni, siyani mpata wa zala ziwiri. Matumba ambiri amene anthu amati msoko waphulika, ulusi umakhala uli bwinobwino, zimene zasomoka ndi timalamba ta kumphepete.

Kamchira kaja muthanso kukamanga kamphete kolowa chala kunsonga kwake. Koma chenjerani, wosokayo ayambe watulutsa nsonga m'kamphete komaliza, apo ayi munthu adzakoka n'kumangitsa. Ndipo mukatero ndiye kuti msoko watsala pang'ono kumasuka, sitika ija ikhalepo ndithu.

Nambewe wa Nkhuku, Mponela:
Mutu wadzaza koma ndikutsatira. Nkhawa yanga ndi mtengo. Chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 matumba sanabwererenso pansi, poti zopangira zake zimachokera kunja. Ndikawonjezera mpendero, sitika, kansalu kokoka, ulusi wamtundu, thumba lidzadya phindu lonse. Oweta nkhuku amawerenga tambala iliyonse.

Mlangizi Wopuma, Dedza:
Musatenge zonse mayi. Kupinda kukamwa n'kwaulere. Kugwira thumba mbali imodzi n'kwaulere. Kapepala muli nako kale, mwangosintha pokaika. Ulusi wofiira ndi woyera sizisiyana kwambiri. Kamuvi ndi dzanja la agogo mungadinde ndi chidindo cha mphira pa kapepala komweko. Chogula chenicheni ndi sitika yokha. Za mpendero muziganizire pa matumba a 50 okha, amene anthu amafuna kusungiramo chimanga.

Wa ku Germiston:
Ndipo musakhulupirire aliyense wa ife musanayese. Kuno thumba latsopano lisanavomerezedwe amalidzaza n'kuligwetsa kuchokera pa mita imodzi ndi masentimita 20, chogona, cham'mbali, ndi choimirira. Choimirira, kukamwa kuli pansi, ndiye chimayesa msoko kwenikweni. Inu gwetsani kuchokera pa lole, pa simenti osati pa udzu. Kenako likokeni pansi ndi makutu mmene amachitira aganyu. Likapirira, lipatseni munthu amene sanamvepo zokambirana zathuzi, makamaka wachikulire, musamuuze kanthu, mungoima poteropo n'kumaona kumene dzanja lake likupita. Akayamba kuyang'anayang'ana mpeni, chithunzi chanu sichinalankhule. Muyesenso ndi manja onyowa, poti anthu amatsegula akuchokera kotsuka zomwera nkhuku.

Wa Kabaza, Lunzu:
Muyesenso pa kaliyala wanga. Mphira imene timamangira katundu imadutsa pa makutu a thumba pomwepo, sitika yanuyo tione ngati ifike ku Lirangwe.

Bilidala Wachikulire, Area 25:
Mukatha zimenezo wina akauze a simenti kuti nafenso tili ndi mapapo.

Wa pa Depoti, Kanengo:
Ine sindinagonjebe pa sitika. Koma a Nambewe, sokani asanu mwa njira yatsopanoyo ndi asanu mwa kale, muwatumize ndi lole iliyonse yobwera ku Lilongwe. Ndiwaika pansi pa mulu sabata yathunthu, anyamata awatsitse mmene amatsitsira ena onse osawauza kuti ndi oyesera. Ndidzajambula mmene atulukire n'kuponya pagulu pano.

Nambewe wa Nkhuku, Mponela:
Zikomo bambo, nditumiza Lachiwiri. A Telala, ndikapinda kukamwa singano yomweyi ikwanitsa nsalu zinayi ndi kapepala, kapena ndigule yokulirapo?

Telala wa ku Ndirande:
Ikwanitsa ngati ili yakuthwa. Yobuntha imadula timalamba m'malo modutsa pakati, ndiye ikani yatsopano musanayambe. Mukaona makina akudumpha timphete, masulani pang'ono kanati komangitsa ulusi, ndipo mundijambulire kuseri kwa msokowo ndione tcheni chake.